Mmawa Umene Mayi Agata Pyo Sanadikire Galimoto la Parishi

Malemu amene agona patsogolo pathuwa, Mayi Agata Pyo Bok-sun, anabadwa pa 9 Malichi 1952 m'mudzi wina wa m'mapiri a ku Bonghwa, nkhondo ya m'dziko muno ili mkati. Bambo Mfumu, asisitere, akuluakulu a parishi, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, mundilole ndinene za moyo wawo. Ine ndine Pyo Sang-gil, mlongo wawo wa malemu, mzime m'banja mwathu. Ana awo andipempha kuti ndiwalankhulire chifukwa iwo chisoni chawakulira. Inenso mutu wanga sunagwirebe. Lamlungu lapitali achemwali anandiimbira foni n'kumandikalipira kuti ndikuzengereza kukayezetsa maso. Lero ndi Lachinayi, ndipo ndaima pano kuwerenga mbiri yawo.

Malemu anali achiwiri mwa ana asanu a malemu Bambo Pyo Man-deok ndi malemu Mayi Ok Jeom-rye, alimi a tsabola ndi mbatata pamunda wodzaza miyala. Anayamba sukulu mu 1959 ndipo anamaliza pulayimale mu 1965. Ankakhoza masamu ndi nyimbo, koma kupitirira apo kunyumba kunalibe mphamvu, choncho anabwerera kumunda ndi kukalera ife ang'onoang'ono. Ine ndinakulira kumsana kwawo. Mu 1968 anapita ku Daegu kukagwira ntchito pafakitale ya nsalu, ndipo yunifolomu yoyamba imene ndinavala kusekondale inasokedwa ndi manja awo.

Mu Epulo 1973 anakwatiwa ndi Bambo Ham Jae-gu, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankakumba malasha. Ukwati umenewu ndiwo unawabweretsa kuno ku Cheoram. Akuluakulu mukukumbuka momwe tauni ino inkasefukirira masiku amenewo: nyumba zothithikana mpaka m'mphepete mwa mtsinje, madzi akuda bii, zovala zoyanikidwa zikuda zisanaume. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Mi-ran mu 1975 ndi Dong-su mu 1978.

Mu Novembala 1983 madzi anabooka mumgodi umene alamu anga ankagwirako ntchito, denga linagwa, ndipo iwo anatsalira pansi. Mgodiwo unali waung'ono, eni ake anatha kalekale. Chizolowezi cha nthawi imeneyo chinali chakuti mwamuna akafera pansi, mkazi wake ankapatsidwa malo pa lamba wosankhira malasha. Malemu analowa ntchito imeneyo maliro asanazizire. Ankaima tsiku lonse m'chinyumba chozizira, malasha akudutsa pa lamba, iwo akutola miyala ndi zidutswa za mitengo n'kumaponya kumbali. Pofika kunyumba ankaoneka maso ndi mano okha. Anagwira ntchito imeneyo mpaka 1993 pamene mgodiwo unatsekedwa, ndipo ndalama zimene anasunga pa ntchitoyo ndi zimene zinaphunzitsa ana onse awiri mpaka kukoleji.

Zaka zotsatirazi banja lakambirana ngati n'zoyenera kuzitchula pamaliro. Ana awo anena kuti nditchule, chifukwa mayi awo ankazinena okha poyera popanda manyazi. Migodi itayamba kutsekedwa, anthu anasamuka. Mzere wa nyumba umene ankakhalamo unatsala ndi makomo awiri kapena atatu osuta utsi. Ana anapita kukagwira ntchito ku Incheon, ndipo anawachonderera kuti apite nawo, koma iwo anati sangasiye phiri limene amuna awo agonamo. Anatsala okha. Fumbi la malasha linali litakhazikika m'mapapo, chifuwa chinkawagwedeza mpaka kugwira khoma. Kenaka kunabwera shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo kunabwera mowa. Munthu amene sankalawa n'komwe anayamba kumwa mowa waukali uja wa soju okha m'nyumba, makatani otseka, mpunga osaphika. Nditawayendera m'chilimwe cha 1999 ndinapeza mafupa okhaokha. Ndili m'sitima pobwerera ndinaimbira mkazi wanga n'kumuuza kuti achape zovala zathu zakuda, chifukwa achemwali sadutsa nyengo yozizira.

Amene anawatulutsa m'nyumbamo akhala apo kutsogoloko, Mayi Susana Gil, amene anaima nawo limodzi pa lamba zaka zonse zija. Banja lathu silinali la chikhristu, ndipo malemu akamva za tchalitchi ankangotembenukira kukhoma. Mayi Susana anagogoda, anagogodanso, mpaka tsiku lina anatopa nazo zonyengerera n'kunena ali pakhomo kuti, "Bok-sun, ine sindikukuitanira Yesu ayi, Yesu ali ndi anthu ambiri. Ndikukuitanira msuzi. Misa ikatha timadya, ndiye dzuka usambe, ukununkha ngati botolo."

Malemu anapita, atakwiya. Tchalitchi chino mukuona pamene chinamangidwa, pamwamba pa chitunda. Tsiku limenelo ankapuma pa pholo lililonse la magetsi, akutsokomola, akumutukwana mnzawo. Mu Misa anakhala kumbuyo, manja atapinda. Kuholo atawapatsa mbale, analawa kamodzi n'kufunsa mokweza, Bambo Mfumu wa nthawiyo ali pomwepo, kuti, "Waphika izi ndani? Kapena mchere ndi tchimo kuno?" Amayi ophikawo anawayankha kuti ngati akudziwa kwambiri alowe okha. Analowadi m'khitchinimo, ndipo Lamlungu lotsatira anabweranso kuti akaone ngati amayiwo anamva.

Umo ndi momwe zinayambira. Ophika amafunika kufika m'mamawa, ndipo munthu wofunika m'mamawa sangagone ndi botolo. Mowa sanausiye tsiku limodzi, anagwa kangapo, koma akagwa Mayi Susana ndi anzawo a mphakati ankabwera gulu, kutsegula makatani, kusesa, kukhala pansi n'kuyamba kolona, mwini nyumba afune asafune. Analowa kalasi ya akatekumeni mu 2001 ndipo anabatizidwa pa Pasaka wa 2002 n'kutenga dzina lakuti Agata. Kuyambira chaka chimenecho sanaikenso mowa pakamwa.

Mu 2004 analowa gulu loimba mapemphero a anthu omwalira, lomwe lakhala likuwaimbira iwo eni kuyambira Lachiwiri. Inu mukudziwa kutalika kwa mapemphero amenewa ndi mpweya umene amafuna. Poyamba ankalekeza pakati pa mzere, koma m'kupita kwa zaka ndi iwo amene ankatsogolera mbali ya amayi. Anayamba kubwera ku Misa ya m'mawa tsiku ndi tsiku, chipale chofewa chigwe chisagwe, mpaka mapholo a magetsi aja ankawadutsa akucheza. Thupi linabwerera. Shuga inatsika, magazi anakhazikika. Dokotala amene ankawaona za mapapo anawafunsa chimene akuchita, iwo n'kufotokoza za chitunda, za kuimba ndi za khitchini. Dokotalayo anaseka n'kunena kuti, "Amayi, zimenezo ine sindingalembe papepala la mankhwala, koma musasiye ngakhale chimodzi."

Ena mwa inu munayamba kunena kuti Agata anachira mozizwitsa. Mawu amenewo ankadana nawo. Ndinawamva ndekha akudzudzula mayi wina kuholoko kuti, "Chozizwitsa chake chiti? Mapapo anga ndi akuda ngati kale. Mankhwala ndimamwa, ndipo iwenso umwe ako, usamamuyese Mulungu ulesi wako. Chimene chinasintha n'chakuti ndimakwera phiri, ndimadya ndi anthu, ndipo ndikapanda kubwera wina amandifunafuna." Ndi iwo amene anakakamiza komiti ya parishi kuti igule makina oyezera kuthamanga kwa magazi, n'kupempha namwino Mayi Lusia Bang kuti aziyeza okalamba Misa ya Lamlungu ikatha. Amuna ambiri muli munomu munagwidwapo mkono pakhomo mukuzemba. Bambo wina atawauza kuti thupi lake amalidziwa yekha, anamuyankha kuti, "Mukanalidziwa simukanalipatsa mimba imeneyo. Khalani pansi."

Mu 2009 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa mphakati wa kumtunda kwa mtsinje, kumene kwatsala okalamba okhala okhaokha, ndipo udindowo sanautule mpaka imfa yawo. Anali ndi lamulo limodzi limene sanalilembe paliponse koma aliyense ankalidziwa: munthu akasowa pabenchi yake, dzuwa lisalowe wina asanagogode pakhomo pake. Anapezapo munthu atathyoka mwendo kubafa. Anapezapo ambiri atangogona ndi ulesi, ndipo amenewo ankamva zowawa. Mu 2020, mliri utatseka zitseko za tchalitchi, anaona anzawo akufota m'nyumba monga momwe iwo anafotera kale. Ankavala chophimba kukamwa, kunyamula phala m'zibakuli, kuima panja pa zenera n'kukuwa kuti, "Imirirani ndikuoneni! Yendani mufike kukhomo mubwerere!" Ana awo ankawaletsa pafoni. Iwo ankavomera bwinobwino, mawa lake n'kupitanso.

Tsopano ndiyenera kutchula Bambo Tak Man-sik, chifukwa popanda iwo mbiri ino siitha. Bambo Tak ankagwira ntchito m'gulu limodzi ndi alamu anga, ndipo tsiku la ngozi ija anali nawo limodzi pansi. Iwo anatulutsidwa amoyo. Palibe amene anawaimbapo mlandu, koma iwo eni anadziweruza. Kwa zaka zambirimbiri akawaona achemwali akubwera ankakhotera njira ina. Sanakwatire. Anakalamba okha m'kanyumba kakale kumapeto kwa msewu wa kumtunda, komwe amatenthetsabe pansi ndi malasha oumba. Tchalitchi ankachitcha kalabu ya nkhalamba zoopa kufa.

Mu 2022 malemu anamva kuti Bambo Tak agwa pamsika. Anapita okha kukagogoda. Mayi Susana anali kumbuyo kwawo, ndipo ndi amene anatifotokozera. Bamboyo anatsegula pang'ono, ataona nkhope anafuna kutsekanso, koma malemu anali ataponda kale pakhomo. Bambo Tak anati, "Alamu, ine nkhope yanu sindingathe kuiyang'ana." Malemu anati, "Musaiyang'ane, si yokongola. Yang'anani mbaleyi. Amuna anga anaphedwa ndi madzi, osati inu. Zaka zonsezi mwandithawa ngati ndine wapolisi, ndatopa nazo. Lamlungu ndikupezani mutasamba." Akuti Bambo Tak analira atagwira chitseko, munthu wa imvi.

Sanabwere Lamlungu limenelo, kapena lotsatira lake. Koma pofika chaka chatha anali ndi malo awo kumbuyo uko, pafupi ndi chotenthetsera. Ankati amabwerera kutentha kwaulere basi. Kenaka anayamba kuoneka ndi pa Misa ya m'mawa, akutsokomola chitunda chonse, malemu ali patsogolo akuwanyoza kuti akuyenda ngati mkwatibwi. Analembetsa kalasi ya akatekumeni, ndipo amayembekezera kubatizidwa pa Pasaka akubwerayu.

Za matenda otsiriza, abale anga, ndilibe choti ndiwerenge, chifukwa malemu sanadwale. Kumayambiriro kwa mwezi uno anapita kukayezedwa monga mwa nthawi zonse, ndipo anauzidwa kuti zonse zili m'malo mwake. Lamlungu anaphikira parishi yonse. Lolemba anali kwa Mayi Lusia kuthandiza kusoka makatani a kuholo.

Lachiwiri pa 16 Januwale 2024 kunacha chipale chitagwa chambiri. Pa Misa ya m'mawa panali anthu ochepa. Amene anakhala pafupi nawo akuti malemu ankangocheukira kumbuyo. Bambo Tak panalibe. Misa itatha malemu anawaimbira foni, inangoitana. Mayi Susana anati mwina aopa kuterera, ndipo a tcheyamani a parishi anati adikire pang'ono amwe tiyi, galimoto la parishi likangomangidwa matcheni kumatayala apitira limodzi. Malemu anali atavala kale chipewa. Anati, "Munthu uja amabwera ngakhale kukugwa miyala, kuti adzandiuze kuti ulaliki unali wautali. Inu mubwere ndi galimoto lanulo, mundipeza."

Anakwera wapansi, chipale chikufika m'mawondo. Atafika anapeza pakhomo palibe phazi la munthu, chitseko chokhoma m'kati, ndipo chumuni chitatsekeka ndi chipale. Munthu amene anakhala moyo wake wonse ndi malasha sanafunikire kuuzidwa. Anatenga fosholo imene inali pakhonde, anaswa galasi la chitseko, analowa. Anawapeza Bambo Tak ali pamphasa yawo, sakuyankha, utsi wa malasha utalowa m'chipinda kudzera m'ming'alu ya pansi. Achemwali anga anali munthu wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, wa mapapo amene inu mukuwadziwa. Bambo Tak ndi chimunthu. Momwe anawakokera kuchoka kuchipinda, kudutsa pakhonde, mpaka pabwalo, palibe amene anaona. Amene anafika pambuyo pake anangoona mkukuluzi m'chipale, ndi magazi a dzanja lawo limene linachekeka ndi galasi.

Anaimbira Mayi Susana akupuma movutikira. Anati, "Susana, ndi utsi. Itana ambulansi. Akupuma, koma pang'ono. Ubwere ndi madzi ozizira a ndiwo zowawasa za kimchi, aja tinkamwetsa anthu okomoka ndi utsi kale." Mayi Susana anafunsa ngati iwo ali bwino. Anayankha kuti, "Usandifunse ine, thamanga."

Galimoto la parishi ndi ambulansi zinafika pafupifupi nthawi imodzi. Anawapeza malemu atakhala pansi m'chipale, mutu wa Bambo Tak uli pamiyendo pawo, jasi lawo atavula n'kuwafunditsa, akuwamenya mbama m'masaya n'kumawaitana dzina. Achipatala atafuna kuona dzanja lawo anawakankha kuti ayambe ndi wodwalayo. Anaimirira okha. Anaona machira akulowa m'ambulansi. Kenaka anamugwira Mayi Susana paphewa n'kunena kuti, "Iwe, ndikhale pansi kaye." Sanalankhulenso. Anawatengera m'ambulansi yomweyo, Bambo Mfumu Andrea Seok anawapeza kuchipatala n'kuwadzoza mafuta, ndipo masana a tsiku lomwelo anatisiya. Madokotala atiuza kuti mtima unalephera: kuzizira, utsi umene anapuma, ndi kulemera kwa munthu amene anamukoka, zonse zinakumana pa thupi limodzi.

Mi-ran analandira foni ali m'kalasi akuphunzitsa, ndipo anamuuza woimbayo kuti walakwitsa nambala. Dong-su anafika kuchipatala atanyamula zovala zoti mayi ake asinthe. Ine ndinakhala pampando, foni ili m'manja, mpaka mkazi wanga anachita kundivalika nsapato. M'khitchini mwawo tapeza nyemba zili m'madzi, zimene ananyika kuti aphike pobwera ku Misa.

Masiku awiriwa ndakhala pakhomo kulandira anthu, ndipo makutu anga amva zambiri. Ndamva ena akunong'onezana kuti, ngati Agata wapita chonchi, munthu wosajomba Misa, munthu amene tinkamuloza pouza ana athu kuti kupemphera kumalimbitsa thupi, ndiye phindu lake n'chiyani? Ine si mkhristu, Bambo Mfumu akudziwa, ndipo za Mulungu sindingakuyankheni. Ndingonena zimene maso anga anaona. Zovala zakuda zimene ndinauza mkazi wanga kuti achape mu 1999 ndazivala lero, mu 2024. Pakati pa zaka ziwirizi achemwali anaona ana awo akukwatira ndi kukwatiwa, ananyamula zidzukulu, anaseka, anakalipa, anadyetsa anthu. Zaka zimenezo sanazipeze kwa ine mlongo wawo, amene ndinali kutali. Anazipeza pa chitunda chino, pakati pa inu. Imfa yawo yatidzidzimutsa, inde. Koma inawapeza ali panja, ali ndi mphamvu zokoka munthu.

Malemu asiya ana awiri, Mayi Ham Mi-ran ndi amuna awo Bambo Yeom Tae-ho, ndi Bambo Ham Dong-su ndi akazi awo Mayi Seol Eun-ju. Asiya zidzukulu zitatu, Ha-yun, Si-won ndi Do-gyeom. Mwa ana asanu a m'mimba imodzi tatsala awiri, achemwali athu aakulu Mayi Pyo Bok-nam, amene alephera kufika chifukwa cha miyendo, ndi ine. Asiyanso ana a ubatizo ochuluka moti banja lalephera kuwawerenga onse.

M'malo mwa banja la a Ham ndi la a Pyo, ndikuthokoza Bambo Mfumu Seok ndi asisitere chifukwa chosatisiya kuyambira kuchipatala. Ndikuthokoza gulu la mapemphero a omwalira, limene lasambitsa ndi kuveka mnzawo, n'kumuimbira mapemphero. Ndikuthokoza amayi a kukhitchini amene adyetsa khamu lonseli, achinyamata amene akhala akukolopa chipale pachitundachi kuti okalamba akwere, a ambulansi, anamwino ndi madokotala amene anayesetsa. Mayi Susana Gil, inu tikukuthokozani mwapadera. Banja likugwadirani.

Pomaliza, ana a malemu andituma pempho limodzi, ndipo akuti ndilinene momveka. Bambo Tak Man-sik ali moyo. Anatsitsimuka dzulo masana, ndipo madokotala akuti achira. Mawu oyamba amene anafunsa namwino ndi akuti, "Alamu aja akwiya kuti ndajomba?" Mpaka pano palibe amene wawauza. Akudziwa kuti wina anawatulutsa m'nyumba, koma sakudziwa kuti ndani, ndipo sakudziwa chimene tasonkhanira pano. Mukuwadziwa munthu ameneyu ndi katundu amene wasenza kuyambira 1983. Banja likuti pasapezeke munthu, m'tchalitchi muno kapena pamsika, wonena kuti Agata anafa chifukwa cha Tak. Mayi awo anapita okha, ndi miyendo yawo, ndipo akanapitira wina aliyense wa inu. Tikachoka kumanda, Mi-ran ndi Dong-su apita kuchipatala pamodzi ndi Bambo Mfumu kukawauza ndi pakamwa pawo. Akupempha kuti amuna awiri kapena atatu amene munagwirapo ntchito pansi mupite nawo, ndipo iwo akatuluka m'chipindamo, inu mutsale.

Achemwali, Mayi Agata Pyo Bok-sun, mwatichoka tisanakonzeke, ndipo ife tikadali chiimire pamene munatisiya. Pitani mukagone pafupi ndi amuna anu m'phiri limene munakana kulisiya. Mulungu amene munamutumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.